A Mbewe ogulitsa mphira ndi mkono wa Esinala

A Gelevazio Mbewe anamwalira mwezi watha, mvula yoyamba itangogwa. Anawapeza m'mawa kuseri kwa golosale atatsamira chipupa, nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja. Amene anandiuza ananena mwachisoni, koma ine ndinayamba ndaseka kenaka n'kulira, chifukwa ndi mmene analili munthuyo. Ngakhale imfa inawapeza akukonzeka kupita kwina.

Ndasoka zovala pakhonde la golosale imeneyi pa Nathenje kwa zaka zambiri, ndipo a Mbewe ankakonza njinga pafupi nane. Kunena kuti pafupi nane n'kuwakometsa chabe. Lero ali pano, mawa ali kumsika wa Mitundu, mkuja mwamva kuti awaona ku Malingunde akusakasaka machubu akutha. Ankatha kusiya njinga ya munthu itagadama, mawilo ali m'mwamba, n'kundiuza kuti akubwera pompano, ine n'kutsala ndikuyankha madandaulo a mwini njinga mpaka dzuwa kupendeka. Tiyi ankamwa choimirira. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi khomo, ndipo ulaliki ukatalika munkangomva kulira kwa tcheni panja.

Kukonza kwawo njinga kunali kwa apo ndi apo, tisanamizane. Chimene ankadziwika nacho ndi mphira. Ankatenga machubu akutha a galimoto n'kuwadula timizere titalitali tomangira katundu pakaliyala. Onyamula makala, nkhuni, matumba a chimanga ngakhale nkhumba yopita kumsika, onse ankafuna mphira za a Mbewe chifukwa sizinkaduka wamba. Koma kugula kwake kunali ngati wapita kumlandu. Sankapereka mphira asanakufunse kuti ukukamangira chiyani. Ukati thumba, ankakupatsa. Ukati mbuzi, ankayamba akuuza pomanga ndi posamanga. Ukazengereza kuyankha, mphirazo zinkabwerera m'chikwama. Inali nthawi ija mavoti a zipani zambiri atangochitika, aliyense atangophunzira mawu akuti ufulu, ndiye anyamata ankawakalipira kuti ndi ufulu wawo kumanga chimene afuna. A Mbewe ankangoyankha kuti nawonso ndi ufulu wawo kusagulitsa.

Moni wawo unalinso wotopetsa. Akakugwira dzanja sankalisiya msanga. Zala zawo ziwiri zinkatsetsereka n'kukaima pomangira wotchi, kumunsi kwa chala chachikulu, maso ali kwina ngati akumvetsera wailesi ya kunyumba yoyandikana. Amayi ambiri ankawapatsa moni wa m'manja ali patali. Pamsonkhano wa chipani, anthu atakweza manja kuonetsa zizindikiro zawo, iwo ankayendayenda kumbuyo n'kumayang'ana mikono. Sindikudziwa ngati anamvapo mawu amodzi a wandale aliyense.

Zimenezi anabwera nazo kuchokera ku Joni. Ali kumigodi anawaika m'gulu lothandiza ovulala pansi pa mgodi, ndipo ankati ankaphunzitsidwa mobwerezabwereza mpaka munthu kudziwa mkono wa mnzake kuposa nkhope yake. Sanali dokotala ndipo sankafuna kutchedwa choncho. Wobwera kudzapempha jakisoni kapena mapilitsi ankamupirikitsa. Ankadziwa chinthu chimodzi, njira za magazi, ndipo ankachinena kwa aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Ine chinandigwera tsiku limene ndinkawayeza mkono wa malaya. Anandilanda choko changa n'kuyamba kujambula pakhungu pawo. Ankati magazi ochokera kumtima amalowa mumkono ndi mtsempha umodzi waukulu wodutsa m'khwapa. Kuchoka apo umatsika cham'kati, mbali yoyang'ana kunthiti, utabisala m'mphepete mwa mnofu uja anyamata amatupitsa podzitama, fupa lili pambali pake pomwepo. Ukaukanikizira pafupalo, kugunda kwa kudzanja kumasiya. Anandionetsa pamkono wanga womwe, mpaka zala zanga zinachita dzanzi ndipo ndinawauza kuti andisiye ndili ndi ntchito. Sanamve. Anati cha kumtunda mtsemphawo umatulutsa nthambi imene imazembera kuseri kwa fupa kukadyetsa mnofu wakumbuyo, ndipo ukafika popindira mkono, kutsogolo kwa chigongono, umagawika pawiri kupita kudzanja. Kuzungulira chigongonocho kuli timitsempha ting'onoting'ono tolumikiza za kumtunda ndi za kumunsi. Apa ndi pamene ankasangalala. Ankati waukuluwo ndi msewu wa tala uwu wochokera ku Lilongwe, ting'onoting'onoto ndi tinjira ta njinga todutsa m'minda kupita ku Mitundu. Msewu ukatsekeka, magazi pang'ono amazemba m'tinjiramo, dzanja osafa. Koma ukazunguliza mphira mkono wonse watseka msewu ndi tinjira tomwe. Mitsempha ija timaiona pansi pa khungu ankati ndi yobweza magazi kumtima, ndipo ndi imene imayamba kutsekeka ukamanga. Magazi amalowa koma osatuluka, mkono umatupa, ndipo ukatupa chomangiracho chimathina chokha popanda wochikoka. Kumanga kothina ankati ndi kwa bala lothovoka magazi basi, pamene munthu akufa ukuona, ndipo ukatero uzithamangira kuchipatala osaima panjira. Malaya aja ndinawasoka mkono umodzi wautali pang'ono, ndipo sindivomera kuti linali vuto langa.

Zaka zawo zomaliza ankagona m'kachipinda kuseri kwa golosale, kamene kale kankasungira mabotolo. Alendo ankayesa kuti ndi munthu wofedwa. Komatu mkazi wawo, a Naphiri, anali moyo, m'mudzi wa pakati pa Nathenje ndi Mitundu, ulendo woti panjinga ufika thukuta lisanatuluke. M'mudzi umenewo a Mbewe anakhalamo pachikamwini kuyambira ali mnyamata, anamangamo nyumba ya njerwa ndi ndalama za ku Joni, anaberekamo ana aakazi. Chimene chinawachotsamo ndi mkono wa mwana wa eni, munthu amene sanali mbale wawo ngakhale pang'ono.

Mchimwene wa a Naphiri, a Lufeyo Phiri, ndiwo anali mwini mbumba, komanso ankalumikiza mafupa. Ndinene mosabisa kuti ntchitoyo ankaidziwa. Mwana wa mlongo wanga anathyoka mwendo, anapita kwa iwo, lero akusewera mpira. Anaiphunzira kwa bambo awo: kukoka fupa, kutema mphini, kupaka mankhwala, n'kuyala timitengo ta nsungwi mozungulira n'kumanga ndi luzi. Koma luzi limamasuka, wodwala akamatembenuka nsungwi zimasuntha, ndiye a Lufeyo anayamba kumangira mphira chifukwa sisiya pamene waiika. Mkangano wawo ndi alamu awo unayambira pamenepo. A Mbewe anakana kuwagulitsa. A Lufeyo ankati mkamwini wodya za m'munda wa mlongo wawo sangawaphunzitse ntchito ya makolo awo. Pamaliro ankakhala mbali ziwiri za bwalo, ndipo a Naphiri ankayenda pakati ndi mbale, osayang'ana uku kapena uko.

Chaka chotsatira mavoti aja, nthawi yothyola fodya, kunabwera bambo wina pamalo pa a Mbewe. Anali tenanti wa pa esiteti ina, wochokera cha ku Phalombe, dzina lake Faniwelo. Dzuwa linali lisanafike pamutu. Anapempha mphira ziwiri zazifupi.

"Zazifupi? Mukukamangira chiyani, achimwene?"

"Andituma a Phiri a mafupa aja."

A Mbewe anaika pansi sipanala. "Wathyoka ndani?"

"Akazi anga. Anagwa dzulo madzulo akupachika fodya m'chigafa. Apa," anatero akuloza pamwamba pang'ono pa chigongono. "Anawamanga dzulo lomwelo, koma sanagone. M'mawa uno awonjezera mphira imodzi. A Phiriwo akuti akulira chifukwa fupa likusuntha, ndiye pakufunika zina."

"Zala zake zili bwanji? Zikutentha?"

"Zazizira. Poyamba amati zikuwawa, tsopano akuti sakuzimva. Ndiye mwina akupezako bwino."

Sindinaone pamene a Mbewe anadzera. Ndinangoona dzanja likutola sizasi yanga pamakina, ndipo podzuka ine iwo anali atakwera kale njinga. Telala sasiya sizasi yake kupita yokha. Ndinamukweza Faniwelo pakaliyala ya njinga yanga n'kuwatsatira, ndikutukwana njira yonse, pakuti matope anali ambiri ndipo mkuluyo ankapalasa ngati wakuba.

Pabwalo pa a Lufeyo panali anthu angapo odikira, ena ndi ndodo. Mayi wothyokayo, Esinala, anamugoneka pamphasa mumthunzi wa nkhokwe. Anali wamng'ono, wongokwatiwa kumene. Mkono wake wamanja unali m'nsungwi kuchokera kuphewa mpaka kumunsi kwa chigongono, mphira yakuda itazungulira pakati. Mnofu unali utatupa n'kutulukira pakati pa timitengoto, khungu likunyezimira, ndipo dzanja linali lotuwa ngati lopaka phulusa. A Mbewe anagwada, naika zala zawo ziwiri pomangira wotchi. Anafufuza, kusuntha pang'ono, kufufuzanso. Anafinya chikhadabo, chinayera, ndipo chinakhala choyera.

"Alamu," anatero a Lufeyo akutuluka m'nyumba, "mwabwera ndi mphira kapena mwabwera ndi chipongwe?"

"Alamu, dzanja ili likufa. Masulani."

"Ndamanga mikono yochuluka bwanji inu muli ku Joni? Ndikamasula fupa lichoka m'malo, mankhwala atayika. Mudzamulipira ndinu akapunduka?"

"Fupa lidikira. Magazi sadikira. Gwirani nokha muone."

A Lufeyo sanagwire. Ndikuganiza kuti akanakhala awiriwiri akanagwira, koma panali odwala awo akuyang'ana, ndipo wowalamula anali mkamwini. A Naphiri anali atatuluka kuseri kwa nyumba ndi lichero m'manja, naima. Faniwelo ankayang'ana uyu, kuyang'ana uyo. Anali mlendo kuno, wopanda malume woti n'kumufunsa, ndipo mantha ake anali akuti akapita kuchipatala m'tauni fodya aonongeka m'munda, bwana n'kuwathamangitsa.

A Mbewe anamusiya mwamunayo n'kulankhula ndi mwini mkono. "Mayi, tsinzinani. Ndagwira chala chiti?"

"Simunagwire, bambo."

Anali atagwira chala chamkombaphala, ndipo anachifinya tonse tikuona. Esinala anatsegula maso, naona chala chake chili m'manja mwa munthu iye osamva kanthu. Nkhope yake inasintha. Sanafunse mwamuna wake.

"Dulani, bambo," anatero.

"Mukadula pabwalo panga pano," anatero a Lufeyo, mawu ali pansi, "mudule n'kumapita. M'mudzi muno musadzagonemonso."

A Mbewe anayang'ana mkazi wawo kamodzi. A Naphiri anayang'ana m'lichero. Kenaka sizasi yanga inalowa pansi pa mphira, ndipo mphirayo inadumpha yokha n'kukagwera kutali. Anadula luzi, kuchotsa nsungwi imodziimodzi, dzanja lina atagwiriza chigongono kuti fupa lisagwedere. Esinala anakuwa kukuwa kumene sindidzakuiwala, ndipo a Lufeyo anati, mwaona? Koma a Mbewe anati kuwawako n'kwabwino, ndiye kuti china chikadali moyo. Anavula jekete, kuliyala pansi pa mkono, osaupinda kwambiri, n'kubwezera zala zawo pamalo paja. Anakhala chigwadire, osagwedezeka, mpaka nkhuku zinayamba kutola pafupi ndi mapazi awo. Ine ndinadziwa kuti ngati sipagunda kanthu mkuluyu wataya nyumba pachabe.

"Mtsempha ukumveka," anatero potsiriza. "Uli kutali, koma ukumveka. Pezani ngolo."

Tinapita naye pangolo mpaka pamsewu. Kondakitala wa minibasi anayamba kudandaula kuti munthu mmodzi akutenga malo a anthu awiri, koma amayi amene anali m'katimo anamukalipira mpaka anakhala chete. A Mbewe anakwera atanyamula mkonowo pajekete, ndipo anapita nawo mpaka kuchipatala chachikulu m'tauni. Anabwerako mawa lake wapansi kuchokera pasiteji, jekete atalisiya komweko. Anati madokotala apeza kuti nsonga ya fupa inkakanikiza mtsempha waukulu uja, ndipo anachita kung'amba mkono kuti mnofu wotupawo upume. Esinala anagonekedwa nthawi yaitali. Mkono sanaudule. Anatuluka nawo uli ndi chipsera chachitali, wowonda, zala ziwiri zitapindika osawongoka.

Zala ziwirizo zinagawa anthu kuposa zipani. A Lufeyo ankati zinapindika chifukwa mankhwala anadukizidwa. A Mbewe ankati zinapindika chifukwa iwo anafika mochedwa. Achibale anakhala pansi kuti ayanjanitse, nauza a Mbewe kuti apereke nkhuku yopepesa. Iwo anavomera. Anati n'zoona, kudula zomanga mnzako pabwalo pake, pamaso pa anthu ake, ndi mwano, ndipo nkhuku abweretsa ngakhale ziwiri. Koma atauzidwa kuti alonjezenso kuti sadzakhudza wodwala wa alamu awo, anaimirira n'kutenga chipewa. Ena amati kunali kuuma mutu. Inenso ndinawauza choncho, kuti lonjezani pakamwa basi mubwerere m'nyumba mwanu, za mawa zidzaoneka mawa. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti abe.

A Naphiri sakanachoka. Munda unali wawo, manda a amayi awo ali komweko, ana awo aakazi anali atakwatiwira m'mudzi momwemo. Ankabwera tsiku la msika ndi kamtolo ka ufa ndi ndiwo zouma, n'kukhala pakhonde langa. A Mbewe ankazungulirazungulira pamenepo, kufunsa za denga, za mbuzi, za chifuwa cha mdzukulu, akupukuta sipoko imene anaipukuta kale. Dzuwa likapendeka ankawaperekeza mpaka pamlatho wa kumalire a mudzi n'kubwerera okha. Zinkandipweteka kuona anthu okalamba akuchezerana ngati chibwenzi chobisa.

Chinawadya kwambiri ndi china. Nyengo ya fodya itatha, Faniwelo ndi mkazi wake anasamukira ku esiteti ina, monga amachitira matenanti, osatsanzika. A Mbewe anamuona Esinala komaliza mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi, dzanja lisanayambe kugwira chilichonse. Sanadziwe ngati linadzagwiranso khasu, kapena linangouma n'kumalendewera. Kuyendayenda kwawo kunawonjezeka. Lole ya fodya ikaima pa Nathenje ankathamangira kukafunsa okwera pamwamba ngati akudziwa mayi wa ku Phalombe wa chipsera pamkono. Wina ankati ali ku Mchinji, wina ku Kasungu, wina kuti anabwerera kwawo. Tsiku lina anapalasa mpaka kupyola Malingunde chifukwa cha mphekesera, n'kukapeza mayi wina wopsa ndi moto. Atabwerako anandiuza kuti sakufuna kuthokozedwa, akungofuna kudziwa ngati anasiya nyumba yawo chifukwa cha dzanja kapena chifukwa cha chikuni. 

A Mbewe atamwalira tinakawaika kwawo kobadwira, cha ku Malingunde. A Naphiri analira mpaka mawu kutha. A Lufeyo anabwera, okalamba nawonso, nakhala patali pansi pa mtengo. Anadikira mpaka manda atatha kukwiriridwa.

Pamalo pamene a Mbewe ankagwirira ntchito palibe amene watengapo. Nthaka yake ndi yakuda ndi oyilo, udzu wamera mozungulira koma pamenepo wakana. Mtengo wa mphanda umene ankakolekapo njinga ukadali chiimire, ndipo beseni lobooka m'mphepete, lija ankaviikamo chubu pofufuza pamene paphulika, ladzaza madzi a mvula.

Sabata yatha, tsiku la msika, mayi wina anatsika minibasi ndi mwana kumbuyo n'kudzaima pamenepo. Ndinayesa wofuna kukonzetsa njinga, ndiye ndinamuuza kuti mwini wake kulibe.

"Ndamva, bambo," anatero. "Ndamvera m'minibasi ku Dedza. Tili ku esiteti ya konko, chaka chino n'chachitatu."

Ku Dedza, msewu womwewu. Ndinayang'ana mkono wake, ndinaona chipsera, ndipo ndinazindikira kuti ndi Esinala. Anati ankafuna kubwera kalekale, koma ntchito ya fodya simasiya munthu. Anafunsa kumene kuli manda, ndinamuuza. Anaima kanthawi akuyang'ana nthaka yakudayo. Mwana anayamba kulira, nsalu itamasuka n'kutsetserekera m'chiuno. Esinala anawerama, namukankhira mwanayo kumtunda, nagwira nsonga za nsalu ndi manja onse awiri. Zala ziwiri zija sizinathandize, koma zitatu zinazo zinakoka, ndipo mfundo inagwira pachifuwa.

Ndinatembenuka msanga kuti ndiwaitane a Mbewe adzaone. Panali mtengo wa mphanda uja ndi beseni la madzi a mvula.